MAKOMA ADZUKA, NANGA ENI AKE ALI KUTI?



Kwathu kuno munthu akaphonya maliro a mnzake chifukwa cha mtunda kapena matenda, sangokhala ngati sadamve. Pakapita masiku amanyamuka kukapepesa. Akafika salowa ndi phokoso. Amakhala pansi, napereka moni motsitsa mau, ndipo eni maliro amamufotokozera chiyambi cha matenda, kumene adathamangira naye wodwalayo, ndi mmene adatsirizikira. Zikatha izi ndi pamene amamuperekeza kumanda kukaona mtumbira. Munthu amene angathamangire kumanda asanamve za matenda, nayamba kuyamikira kukongola kwa chiliza, tonse tingati sadaleredwe bwino.

Mwambo umenewu ndi umene wandithandiza kumvetsa ulendo umene ndidayenda kumayambiriro kwa chaka cha 2024. Wansembe mnzanga amene tidaphunzira limodzi zaka zapitazo adandiitana, pamodzi ndi ansembe ena ochepa, kuti tikaone malo akale ndi malo oyera a dziko lake la Iraq. Iyeyu ndi wa Mpingo wa Chikaldeya, umene uli m'chiyanjano chathunthu ndi Apapa, ngakhale umachita Misa m'Chisiriyaki, chiyankhulo cha pachibale ndi chimene Ambuye Yesu ankayankhula. Chibwerereni mwakhala mukundifunsa mafunso awiri. Loyamba n'lakuti: "Bambo, ndiye kuti nkhondo idatha kumeneko?" Lachiwiri lidachokera kwa mayi wina wachikulire titatuluka mu Misa, ndipo lidandilasa: "Bambo mfumu, kodi n'chaulemu kukajambula zithunzi pamene anthu anzathu adaphedwerapo?"

Bungwe lathu la Chilungamo ndi Mtendere landipatsa danga m'kalata ino kuti ndiyankhe. Yankho langa ndi ili: inde, n'koyenera kupitako, ndipo eni dziko akufuna alendo. Koma wopitako apite ngati wokapepesa maliro, ndipo afunse za matenda. Matenda amene adagwetsa matchalitchi ndi mizikiti ya ku Iraq, ndisazungulire, adali ulamuliro woipa. Mabomba adangodza kudzatsiriza.

Ku Uri, kwao kwa Abrahamu

Dziko la Iraq timalidziwa kuposa mmene timaganizira, pakuti timalimva m'mawerengo a pa Misa chaka ndi chaka. Mitsinje yake iwiri, Tigris ndi Euphrates, ikutchulidwa m'mutu wachiwiri wa Genesis. Abrahamu adanyamukira ku Uri, Yona adatumidwa ku Ninive, ndipo Ayuda adatengedwa ukapolo kunka ku Babiloni. Malo atatu onsewa alipo, ndipo galimoto imafika. Ife tidayambira kumwera n'kumakwera chakumpoto.

Uri ali pafupi ndi mzinda wa Nasiriyah. Mtsinje wa Euphrates, umene kale unkadutsa pambali pake, udasintha njira, tsono chatsala ndi chipululu cha fumbi. Pakati pake paima chimulu chachikulu cha njerwa, cha makwerero atatu, chimene mfumu Ur-Nammu idamangira mulungu wa mwezi zaka pafupifupi 2,100 Khristu asanabadwe. Chapafupi pali nyumba imene alendo amauzidwa kuti ndi ya Abrahamu. Kunena zoona, palibe umboni wakuti kholo lathulo lidagonamo. Maziko ake adafukulidwa ndi Leonard Woolley, Mngelezi amene adakumba ku Uri kuyambira 1922 mpaka 1934, ndipo makoma amene akuoneka lero adamangidwa ndi boma la Saddam Hussein mu 1999, pamene ankayembekezera Papa John Paul II. Ulendowo udalephereka, kotero kuti Apapa adachita mwambo wokumbukira Abrahamu ali ku Vatican pa 23 Febuluwale 2000.

Amene adakwaniritsa chikhumbo chimenechi ndi malemu Papa Francis. Pa 6 Malichi 2021 adapemphera pa bwinja limeneli pamodzi ndi Asilamu, Akhristu, Ayazidi ndi a zipembedzo zina, ndipo boma lidalengeza kuti tsikulo lizikumbukiridwa ngati tsiku la kulolerana. Zimenezi n'zabwino, sindikuzichepetsa ayi. Koma woyendetsa galimoto yathu, Msilamu wa ku Nasiriyah komweko, sadafune kukamba za Ur-Nammu. Iye adationetsa mlatho wa mumzindamo, pamene achitetezo a boma adawombera achinyamata ochuluka pa 28 Novembala 2019. Achinyamatawo adali mbali ya zionetsero zimene zidayamba mu Okutobala chaka chomwecho, zimene anthu oposa 500 adaferapo m'dziko lonse. Ankafuna ntchito, magetsi, madzi abwino ndi kutha kwa katangale, m'dziko limene nthawiyo lidali lachiwiri potulutsa mafuta pakati pa maiko a bungwe la OPEC. Adatikumbutsanso kuti pa 12 Julayi 2021, patangopita miyezi inayi Apapa atachoka, chipinda cha odwala Covid-19 pa chipatala chachikulu cha mzindawo chidapsa, ndipo anthu oposa 60 adafa. Msewu wodzera mlendo wolemekezeka udakonzedwa m'masabata owerengeka, pamene odwala adagonekedwa m'chinyumba chomangidwa ndi zipangizo zosachedwa kugwira moto. Khalidwe lotere, lokonzera mlendo pamene ana a m'nyumba agona ndi njala, sindiyesa kuti ndi lachilendo kwa wina aliyense wa ife.

Kuchoka apo tidadzera ku Najaf, kumene kuli manda a Ali, mbale wake ndiponso mkamwini wa Muhammad. Kumeneku ndi kuchimake kwa Asilamu a Chishiya, amene ndiwo ochuluka m'dzikomo. M'kanjira kopapatiza ka mumzindamo ndi mmene Papa Francis adakacheza ndi mtsogoleri wao wamkulu, Ali al-Sistani, amene nthawiyo adali ndi zaka 90 ndipo ankakhala m'nyumba ya lendi. Munthu ameneyu sadakhalepo pa mpando uliwonse wa boma, komabe kutacha kwa tsiku la mlatho lija, uthenga wake utawerengedwa pa mapemphero a Lachisanu, nduna yaikulu Adil Abdul-Mahdi idalengeza kuti ikutula pansi udindo. Mau a mtsogoleri wa chipembedzo amalemera akakhala kuti sadadye nawo.

Mafumu awiri pa bwinja limodzi

Babiloni ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kumwera kwa Baghdad. Ndidafikako ndi mtima wa ku seminale, ndikuyembekeza kuona mzinda wa Nebukadinezara ndi wa mneneri Daniele. Chimene ndidapeza ndi mafumu awiri akulimbirana bwinja limodzi. M'zaka za m'ma 1980, pamene anyamata a dziko lake ankathera ku nkhondo ya zaka zisanu ndi zitatu yolimbana ndi Iran, Saddam Hussein adalamula kuti makoma a nyumba yachifumu amangidwenso pamwamba pa maziko akale. Pa njerwa zina adadindapo dzina lake, kutengera Nebukadinezara amene ankachita chimodzimodzi. Pambuyo pake adasamutsa mudzi, naunjika phiri la dothi, namangapo nyumba yake yoyang'ana mabwinjawo kuchokera pamwamba. Tidalowamo. Muli pululu, ndipo makoma adzaza ndi maina amene achinyamata amalemba akabwera kudzacheza.

Chipata chobiriwira cha Ishtar, pamene alendo amakonda kujambulitsa, n'chofanizira chabe. Njerwa zake zenizeni zidatengedwa ndi Ajeremani ndipo zili ku Berlin. Mu 2003 ndi 2004 asilikali a America ndi a Poland adamanga msasa pakati pa mabwinjawa, nakumba ngalande, galimoto zao zolemera zikuphwanya njerwa za zaka 2,600. Bungwe la UNESCO lidaika Babiloni pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2019, zambiri zitaonongeka kale. Wamphamvu aliyense amene adafika pamenepa adatenga malowa ngati ake. Kwa wina adali kalilole wodziyang'anirapo, kwa wina katundu wokasunga kwao, kwa wina poimikapo galimoto zankhondo. Ine chidandikhalira mumtima ndi njerwa ija. Njerwa yogulidwa ndi chuma cha anthu onse ikayamba kunyamula dzina la munthu mmodzi, dziwani kuti thupi latentha kale.

Chiyambi cha matenda

Ku Baghdad ndiko adatikhazika pansi natifotokozera bwino. Palibe mmodzi mwa amene tidacheza nawo adalira Saddam. Amakumbukira ndende zake, amakumbukiranso Akurdi pafupifupi 5,000 amene adaphedwa ndi mpweya wapoizoni ku Halabja mu 1988. Koma amakumbukiranso kuti Papa John Paul II adakana nkhondo ya 2003, natuma Kadinala Roger Etchegaray ku Baghdad ndi Kadinala Pio Laghi ku Washington, ndipo sadamvedwe. Mu Epulo chaka chimenecho, boma litagwa, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko lonse idasiyidwa yopanda mlonda, ndipo zinthu pafupifupi 15,000 zidabedwa m'masiku ochepa. Mu Meyi, Paul Bremer, amene America idamuika kuti alamulire dzikolo, adathetsa gulu lonse lankhondo nachotsa ntchito mamembala akuluakulu a chipani cholamula, ena mwa iwo aphunzitsi ndi madokotala. Amuna oposa 300,000 odziwa mfuti adapezeka ali pakhomo, opanda malipiro, mitima itatupa.

Boma latsopano lidamangidwa pa kugawana mipando potsata mtundu ndi chipembedzo. Pulezidenti akhale Mkurdi, nduna yaikulu Mshiya, sipikala wa Nyumba ya Malamulo Msuni, ndipo maunduna agawidwe pakati pa zipani. Pongomva, zimenezi zikumveka ngati chilungamo, chifukwa aliyense walandirako nthuli. Koma zotsatira zake n'zakuti unduna uliwonse udasanduka munda wa chipani. Ntchito inkapita kwa wachibale, makontirakiti kwa wothandiza chipani, ndipo nduna yakuba inkatetezedwa ndi anthu a mtundu wake, poti kuigwira kukadaoneka ngati kunyoza mtundu wonse. Nzika idaleka kufunsa kuti, "Kodi ufulu wanga ndi uti?" Idayamba kufunsa kuti, "Kodi wathu ndani m'bomamo?" Tsono amene adali ochepa, monga Akhristu ndi Ayazidi, adatsala opanda wao.

Malo oyera sadangokhala oonerera pa zonsezi. Pa 22 Febuluwale 2006 zigawenga zidaphulitsa denga lagolide la malo oyera a Ashiya ku Samarra, ndipo kubwezerana kumene kudatsatira kudapha anthu zikwizikwi a mbali zonse. Wansembe Ragheed Ganni adawomberedwa ku Mosul pa 3 Juni 2007 atangomaliza Misa, pamodzi ndi otumikira atatu. Arkiepiskopi Paulos Faraj Rahho adagwidwa pa 29 Febuluwale 2008 akuchokera ku Njira ya Mtanda, ndipo mtembo wake udapezeka patapita masabata awiri. Pa 31 Okutobala 2010, m'kathedrale ya Asiriyaki Achikatolika ku Baghdad, akhristu 48, kuphatikizapo ansembe awiri, adaphedwa Misa ili mkati. Tchalitchi limeneli lidakonzedwa, ndipo tidapempheramo, titazunguliridwa ndi mpanda wa konkire. Isanayambe nkhondo ya 2003 Akhristu m'dzikomo ankawerengedwa pafupifupi 1.5 miliyoni. Pofika 2021 ena ankati atsala 400,000, ena 250,000 okha.

Ndipo nachi chimene ndikufuna aliyense wa ife achisunge. Mzinda wa Mosul, wa anthu oposa miliyoni imodzi, udagwa pa 10 Juni 2014 m'manja mwa zigawenga zosakwana 2,000 za gulu lodzitcha Islamic State, limene eni dziko amalitchula kuti Daesh. Pa pepala, mzindawo unkatetezedwa ndi asilikali ndi apolisi zikwi makumi angapo. Zidatheka bwanji? Mu Novembala chaka chomwecho nduna yaikulu yatsopano, Haider al-Abadi, idaulula kuti m'kaundula wa gulu lankhondo mudapezeka maina 50,000 a asilikali amene kunalibe. Ena adafa kale, ena adathawa, ena ankapereka gawo la malipiro ao kwa akuluakulu kuti azingokhala kunyumba. Malipiro ankatuluka mwezi ndi mwezi, n'kumalowa m'matumba a mabwana. Amene adalemba dzina labodza m'kaundula wa malipiro sadaganize kuti akugwetsa tchalitchi. Ankangoti akudya zake. Chiswe chidali chitamaliza kale mzati, ndipo mphepo itabwera idangokankha.

Ku Ninive

Mabwinja a Ninive ali mkati mwa Mosul, kutsidya la kum'mawa kwa Tigris. Tidafikako m'masiku a kusala kwa Aninive, kusala kwa masiku atatu kumene Akhristu a kumeneko amasunga kutatsala masabata atatu kuti Lenti iyambe, pokumbukira kulapa kwa mzindawo m'nthawi ya Yona. Pa chitunda china padali mzikiti umene Asilamu ndi Akhristu omwe ankaulemekeza ngati manda a Yona. A Daesh adauphulitsa pa 24 Julayi 2014, m'mwezi womwewo umene adalemba chilembo cha "N", kutanthauza otsata Mnazarete, pa nyumba za Akhristu, nawauza kuti asankhe kutembenuka, kukhoma msonkho, kuchoka kapena kufa. Pansi pa chitundacho adakumba mapanga kufunafuna zinthu zakale zoti agulitse. Mzinda utalanditsidwa mu 2017, akatswiri adalowa m'mapangamo napeza nyumba yachifumu ya Asiriya ndi zolemba za mfumu Esarahadoni, yemwe uja timamumva m'buku lachiwiri la Mafumu. Anthu amene ankaswa zosema pamaso pa makamera ponena kuti ndi mafano, ndi omwewo ankagulitsa zina usiku. Changu chao cha chipembedzo chidali ndi thumba.

Tisaiwale kuti ambiri mwa amene a Daesh adawapha adali Asilamu. Mzikiti waukulu wa al-Nuri, womangidwa cha m'ma 1172, adauphulitsa okha pa 21 Juni 2017 ataona kuti agonja. Nsanja yake yopendekeka, imene anthu a ku Mosul ankaitcha mwachikondi kuti al-Hadba, kutanthauza ya linunda, idagwa nawo limodzi. Pamene tidafika, amisiri adali pa ntchito. UNESCO idayamba kumanganso mzinda wakale mu 2018, ndipo dziko la United Arab Emirates, dziko la Chisilamu, lidapereka madola oposa 50 miliyoni a ku America kuti amange mzikitiwo pamodzi ndi matchalitchi awiri, la al-Tahera ndi la Adominikani. Anthu a mumzindamo atafunsidwa adati nsanja yao imangidwe yopendekeka monga idaliri. Mu 2024 amisiri adapeza mabomba asanu osaphulika atabisidwa m'khoma la mzikitiwo. Ntchito idatha mu 2025.

Pali ena amene amati ndalama zimenezi zikadagula chakudya ndi kumanga nyumba za anthu. Maganizo amenewa ndimawalemekeza, koma sindigwirizana nawo kwathunthu. Nyumba zakale zoposa 100 zidamangidwanso m'ntchito yomweyi, ndipo achinyamata ambiri, Asilamu ndi Akhristu, adaphunzira umisiri ndi kulandira malipiro pa makoma amenewa. Kuwonjezera apo, eni ake ndi amene adasonyeza mtengo wa zinthu zao zakale. Usiku wa pa 6 Ogasiti 2014, anthu akuthawa ndi zovala za m'thupi zokha, wansembe wa Chidominikani Najeeb Michaeel adalonga m'galimoto mabuku akale mazanamazana olembedwa pamanja, nathawira nawo ku Erbil. Mu 2019 adadzozedwa kukhala Arkiepiskopi wa Mosul. Munthu saika moyo wake pachiswe chifukwa cha mapepala wamba. Mtundu wa anthu ukalandidwa chikumbumtima cha makolo ake, n'kosavuta kuuuza kuti ndi wobwera.

Komabe tchalitchi lomangidwanso silibweza mkhristu. Pamene Papa Francis adapemphera pakati pa mabwinja a matchalitchi anayi a ku Mosul pa 7 Malichi 2021, mabanja achikhristu amene adali atabwerera mumzindamo adali pafupifupi 70 okha. Zifukwa zake sizili m'makoma. Pa 21 Malichi 2019, nkhondo itatha kale, chombo choolotsa anthu kupita ku chilumba chosangalalirako pa Tigris chidagubuduka chitanyamula anthu ochuluka kuposa muyezo wake, ndipo anthu pafupifupi 100, ambiri amai ndi ana, adamira. Nyumba ya Malamulo idachotsa bwanamkubwa wa chigawocho, Nawfal al-Akoub, amene pambuyo pake adamangidwa pa milandu ya katangale. Ameneyu ndiye adaikidwa kuyang'anira chigawo chimene chinkayembekezera kumangidwanso. Kholo limene lili ku Sweden kapena ku Australia ndi ana ake likamva zotere, silifunsa ngati belu la tchalitchi layambanso kulira. Limafunsa ngati kuli boma loti n'kulidalira.

Qaraqosh

Makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Mosul kuli Qaraqosh, tauni ya Akhristu yaikulu koposa m'dzikomo, imene idali ndi anthu pafupifupi 50,000. Onse adathawa usiku umodzi uja wa pa 6 Ogasiti 2014. Tchalitchi lao la Amai Maria Osaipitsidwa, limene makolo ao adalimanga ndi manja ao kuyambira 1932 mpaka 1948, lidatenthedwa, ndipo bwalo lake lidasandutsidwa pophunzirira kuwombera mfuti. Tauniyi idalanditsidwa mu Okutobala 2016, ndipo pang'onopang'ono pafupifupi theka la anthu lidabwerera. Akatolika a maiko ambiri adasonkha, tchalitchi lidawalanso, ndipo Apapa adapempheramo mu 2021. Ndidalakalaka kwambiri kuona malo amenewa, pakuti ndi amene amatchulidwa ngati chitsanzo cha kuuka.

Tidapeza tauni ili m'maliro. Pa 26 Sepitembala 2023, pa phwando la ukwati, makombola oyatsidwa m'kati mwa holo adagwira denga, ndipo m'mphindi zochepa nyumba yonse idali lawilawi. Idamangidwa ndi zipangizo zosachedwa kuyaka, ndipo idalibe makomo okwanira othawira. Anthu oposa 100 adafa, ena banja lonse. Kafukufuku wa boma adati idali ngozi yodza chifukwa cha kusasamala kwakukulu, ndipo akuluakulu angapo a m'deralo adachotsedwa ntchito, koma atsogoleri a Mpingo ndi ofedwa ambiri sadakhutire. Taganizani, abale anga. Anthu amene adapulumuka kwa a Daesh, napirira zaka m'misasa, nabwerera kudzamanganso nyumba zao, adafera pa ukwati chifukwa wina adalola kuti holo yotere izilandira anthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndidaima m'tchalitchi lokongolalo pakati pa amai ovala zakuda, ndipo kamera idakhala m'thumba.

Ngakhale liu lao m'Nyumba ya Malamulo lidalandidwa mochenjera. Pa mipando 329, isanu idapatulidwira Akhristu, koma lamulo lidalola kuti wovota aliyense, wa chipembedzo chilichonse, avotere mipandoyo. Pa zisankho za 2021 inayi idatengedwa ndi chipani cha Rayan al-Kildani, mtsogoleri wa gulu la zida logwirizana ndi zipani zazikulu za Chishiya. Mtsogoleri wa Mpingo wa Chikaldeya pa nthawiyo, Kadinala Louis Raphael Sako, adadzudzula zimenezi poyera. Mu Julayi 2023 Pulezidenti Abdul Latif Rashid adafafaniza chikalata cha boma chimene chinkamuzindikira pa udindo wake, ndipo Kadinalayo adachoka ku Baghdad kukakhala ku Erbil mpaka Epulo 2024. N'chifukwa chake ife titafika ku likulu la Mpingowo tidapeza mpando wake uli wopanda munthu.

Kwa mayi amene adandifunsa

Mayi, funso lanu lidali loyenera, ndipo ndayesa kuliyankha ndi zimene ndidaona. Nkhondo yolimbana ndi a Daesh idalengezedwa kuti yatha mu Disembala 2017. Mu 2021 boma lidafewetsa ziphaso zolowera m'dzikomo kwa nzika za maiko angapo, ndipo alendo adayamba kufika. Ife tidayenda usiku m'misika ya Mosul popanda wotiopseza, ngakhale zotchinga za asilikali pamsewu zidali zosawerengeka. Sitidakumane ndi munthu amene adatiuza kuti tikadakhala kwathu. M'malo mwake ankatikakamiza tiyi, ndipo ogulitsa ena ankakana ndalama zathu. Amonke a ku Mar Mattai, nyumba ya mapemphero yomatirira paphiri imene idayamba m'chaka cha 363, adatilandira ngati abale amene adachedwa kufika. Maliro n'kulirana. Chimene chimawapweteka anthu amenewa ndi kuiwalika, osati kuchezeredwa.

Choopsa chili pena. Boma lililonse lotuluka m'nkhondo limakonda mlendo, chifukwa chithunzi cha mlendo akumwetulira pa khomo la tchalitchi lopakidwa penti chimagwira ntchito ngati chikalata chakuti zonse zili bwino. Mlendo amene afika m'mawa pa basi, najambula, nachoka dzuwa lisanalowe osayankhula ndi munthu, wasayina chikalata chimenecho osachiwerenga. Pamenepo, mayi, mukunena zoona, ndi chipongwe. Koma amene agona m'tauni ya eni ake, nadya m'malo ao odyera, nalemba ntchito mwana wa pomwepo kuti amuperekeze, napempha chilolezo asanajambule, nakana kugula kanthu kakale kalikonse kamene wina akumutsatsa mobisa, ameneyo wasiya chipepeso m'manja oyenera. Ndipo akabwerera kwao anene zonse ziwiri, za nsanja imene yadzuka ndi za holo imene idapsa. Amene angaganize za ulendo wotere ayambe wafunsa Mpingo wa komweko za mmene zinthu zilili m'masiku amenewo, pakuti chigawo chimenechi sichichedwa kusintha.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife sitidzapondako ku Iraq. Pempho limene wansembe mnzanga uja adanditsazika nalo pa bwalo la ndege la Erbil silifuna chiphaso. Tsiku limene anthu a ku Qaraqosh ndi midzi yozungulira adathawa, 6 Ogasiti, ndi tsiku lomwe Eklezia imakondwerera Kusandulika kwa Ambuye paphiri. Iye adapempha kuti pa Misa ya tsikulo, m'maparishi ndi m'miphakati yathu, tiziwatchula maina m'mapemphero a akhristu: Mosul, Qaraqosh, Karamles, Bartella, ndiponso Sinjar, kwao kwa Ayazidi, kumene kuphedwa kudayamba masiku atatu m'mbuyo mwake. Ndidamulonjeza kuti ndidzakuuzani.